MANYUCHI A AGAVE: KODI ODWALA SHUGA APEZA MPUMULO?

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi ndinapeza botolo lachilendo m'nyumba mwa agogo anga aakazi. Analibweretsa ndi amalume amene amagwira ntchito ku Johannesburg. M'kati mwake munali manyuchi onanda, ofiirira ngati uchi, ndipo pabotolopo panalembedwa kuti Agave. Agogowo anawapeza ndi matenda a shuga zaka 4 zapitazo, ndipo chiyambire akhala akumwa tiyi wosathira kanthu, koma monyinyirika. Amalume powapatsa botololo anati: "Amayi, izi nzachilengedwe, zochokera ku chomera, sizikweza shuga m'magazi. Muzithira mmene mungafunire." Agogo anamvera mwana wawo, nayamba kuthira masupuni atatu mu tiyi ndi ena m'phala.

Tsiku lina anandiitana nati: "Iwe wa ku seminale, tawerenga apa. Kodi amalume akowa akunena zoona?" Ndinalitembenuza botolo lija uku ndi uku koma yankho ndinalibe. Titatsegulira sukulu ndinafunsa aphunzitsi athu a Biology ndi kufufuza m'mabuku, ndipo zimene ndinapeza ndaganiza zogawana nanu, anzanga owerenga, poti ambiri a ife tili ndi abale odwala matendawa.

Kodi agave ndi chiyani?

Amene mumadziwa khonje mwamuona kale mbale wake wa agave. Khonje amene timapotera zingwe ndi kutchingira minda ndi mtundu umodzi wa zomera zimenezi, ndipo dzina lake la sayansi ndi Agave sisalana. Kwawo kwenikweni kwa zomerazi ndi ku Mexico. Khonje anafika ku Tanganyika mu 1893 ndi katswiri wa zaulimi wa ku Germany, Richard Hindorf, ndipo lero amapezeka m'maiko ambiri a kuno kwathu.

Manyuchi ambiri amene akugulitsidwa amachokera ku mtundu wina wotchedwa Agave tequilana, wa masamba obiriwira mopita ku mtundu wa mtambo, umene umalimidwa kwambiri m'chigawo cha Jalisco. Ndi chomera chomwecho chimene amatchezera kachasu wotchuka wa kumeneko wotchedwa tequila. Chomerachi chimatenga zaka 7 kapena kuposerapo kuti chikhwime. Nthawi yonseyo chimakhala chikusunga chakudya m'tsinde lake pokonzekera kutulutsa mlongoti wa maluwa, monga mmene timaonera khonje, ndipo chikangobereka kamodziko chimafa. Alimi sadikira zimenezo. Amasadza masamba onse nkutsala ndi chitsinde chachikulu chooneka ngati chinanazi, cholemera makilogalamu makumi angapo.

Anthu a ku Mexico anayamba kalekale, azungu a ku Spain asanafike, kugoba pakati pa mitundu ina ya agave ndi kutunga madzi otsekemera otchedwa aguamiel. Madziwo amawamwa, kuwawiritsa, kapena kuwasasitsa kuti akhale mowa wotchedwa pulque. Koma manyuchi a m'botolo la agogo ndi a m'fakitale. Chitsinde chija amachiphwanya ndi kuchifinya. Madzi otulukamo satsekemera kwenikweni, chifukwa shuga wake amakhala atalumikizana m'maunyolo aataliatali amene thupi la munthu siligaya. Choncho amawatenthetsa, kapena kuthiramo michere yodula maunyolowo, kenaka nkusefa ndi kuphwetsa madzi mpaka atananda. Tingati ntchito yake sikusiyana kwenikweni ndi imene imachitika pa nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ngati agave ndi wachilengedwe chifukwa amachokera ku chomera, ndiye kuti shuga wathu wa m'paketi nayenso ndi wachilengedwe.

Shuga wa mitundu iwiri

Kuti timvetse nkhaniyi tiyenera kudziwa mitundu iwiri ya shuga: gulukosi ndi fulakitosi. Gulukosi ndi amene amayenda m'magazi mwathu kupereka mphamvu ku ziwalo zonse. Nsima, mbatata ndi mpunga zikagayika zimasanduka gulukosi. Kuti iye achoke m'magazi kulowa m'minofu pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Munthu wodwala shuga ndiye kuti insulini wake ndi wochepa kapena sakugwira bwino ntchito, motero gulukosi amachuluka m'magazi. Kachipangizo kamene amayezera agogo ku chipatala pobaya chala kamaona gulukosi yekhayo basi.

Fulakitosi amayenda njira ina. Akachoka m'matumbo, wambiri amathera m'chiwindi, ndipo chiwindicho ndicho chimavutika naye. Shuga wa m'paketi ndi theka gulukosi, theka fulakitosi. Mu uchi wa njuchi fulakitosi amakhala pafupifupi theka. Koma m'manyuchi a agave, pa magawo 100 alionse a shuga, fulakitosi nthawi zambiri amaposa 70, ndipo ena amafika mpaka 90.

Apa ndi pamene pagona mawu a amalume aja. Mu 1981 David Jenkins ndi anzake a ku yunivesite ya Toronto anakonza muyeso wosonyeza mmene chakudya chimakwezera gulukosi m'magazi munthu akangodya. Pa muyeso umenewu gulukosi weniweni ali pa 100, shuga wa m'paketi ali cha m'ma 65, pamene manyuchi a agave safika ndi 30 pomwe. Tsono amalume sananame. Munthu akamwa tiyi wa agave nkuyezetsa, nambala sikwera kwambiri. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambalayo sikwera chifukwa kachipangizo kaja sikaona fulakitosi. Iye walowa ndithu m'thupi, ndipo ali ku chiwindi.

Zimene zimachitika m'chiwindi

Fulakitosi akakhala wochepa chiwindi chimamusandutsa gulukosi kapena kumusunga popanda vuto. Akachuluka tsiku ndi tsiku, wina amasanduka mafuta. Mafutawo ena amakhazikika m'chiwindi momwemo, ena amalowa m'magazi nkuwonjezera chiopsezo cha matenda a mtima. Chiwindi chamafuta sichimveranso bwino insulini, ndipo limeneli ndi limodzi mwa magwero a mtundu wa matenda a shuga umene umagwira anthu akuluakulu ambiri. Fulakitosi wambiri amachulukitsanso asidi wina m'magazi amene amayambitsa nyamakazi yotupitsa mfundo, makamaka ya chala chachikulu cha kuphazi. Anthu ena akadya wambiri nthawi imodzi mimba imadzaza mpweya ndipo amatsegula.

Mu 2009 Kimber Stanhope, Peter Havel ndi anzawo a ku University of California, Davis, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Anatenga anthu 32 onenepa nkuwagawa pawiri. Kwa milungu 10 gulu lina linkamwa zakumwa zotsekemera ndi gulukosi, lina ndi fulakitosi, zokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu imene thupi limafuna pa tsiku. Magulu onse awiri ananenepa mofanana. Koma a fulakitosi ndi amene mafuta ozungulira ziwalo za m'mimba anawachulukira, mafuta oipa a m'magazi anakwera, ndipo matupi awo anayamba kusamvera bwino insulini.

Ndinene chilungamo: anthu amenewa ankamwa fulakitosi wambiri zedi, ndipo sanali kumwa agave. Supuni imodzi ya agave si poizoni. Ndiponso agave amatsekemera kuposa shuga, kotero munthu wodziletsa akhoza kuthira wochepa. Vuto ndi lakuti munthu akauzidwa kuti chinthu nchabwino sawerenganso masupuni. Supuni yaing'ono ya shuga ili ndi makalori 16, pamene ya agave ili ndi 21. Mavitamini ndi michere ya m'manyuchiwa ndi yochepa kwambiri moti singathandize munthu, pamene shuga wa kuno ku Malawi amathiramo vitamini A.

Wina angafunse kuti, nanga zipatso, poti nazo zili ndi fulakitosi? Bango, papaya kapena gwafa ali ndi madzi ambiri ndi zotsakamira zimene zimachedwetsa shuga kulowa m'thupi, ndipo munthu amakhuta asanadye wochuluka. M'botolo muja zonsezo anachotsamo, munatsala shuga ndi timadzi pang'ono.

Nanga tichite chiyani?

Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti shuga wothira asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni aang'ono 12, ndipo bungwelo linati kutsika mpaka masupuni 6 nkwabwino koposa. M'chiwerengero chimenechi analowetsamo uchi, manyuchi a mtundu uliwonse ndi madzi ofinya a zipatso. Agave sanamupatule.

Pali zina ziwiri zofunika kuchenjera nazo. Wodwala amene amamwa mankhwala kapena kubaya insulini, nthawi zina shuga amamutsikira kwambiri: amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire. Pamenepo pamafunika chokweza gulukosi msanga, monga madzi osungunuliramo shuga wamba. Agave sangathandize mwachangu, pa chifukwa chomwe chija amamutamira. Chachiwiri, wina asayese kufinya khonje wa kumpanda kuti apange manyuchi ake. Madzi a masamba ake amayabwa ndi kuwotcha khungu, ndipo si akumwa.

Ndinawalembera kalata agogo yofotokoza zonsezi mwachidule, ndi kuwapempha kuti akatenge botololo popita ku sikelo yawo ya mwezi ndi mwezi, kuti achipatala amene akudziwa matenda awo akawauze chochita. Amalume sindikuwaimba mlandu. Anagula botololo modula chifukwa chofuna kuti amayi awo amwenso tiyi wokoma, ndipo nawonso anangokhulupirira zolembedwa. Nawo ndawalembera mwaulemu.

Nafenso, anzanga, tisadziyese opulumuka. Mmawa uliwonse m'chipinda chodyera timaona mmene mbale ya shuga imathera phala lisanazungulire tebulo lonse. Buku la Miyambo, mutu 25, limachenjeza ngakhale za kudya uchi wambiri, ndipo uchi ndi wachilengedwe kuposa zonsezi. Ine ndayamba kuchotsa supuni imodzi pa atatu amene ndinkathira. Masiku oyamba phala linkamveka lozizira, koma patatha milungu iwiri lilime linazolowera. Lenti ikubwerayi, bwanji tiyesere limodzi?