Kodi Kudekhetsa Maganizo Kumasintha Ubongo wa Munthu?

M'chaka cha 2010 akatswiri awiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Harvard ku America, a Matthew Killingsworth ndi a Daniel Gilbert, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu 2,250 pa matelefoni a m'manja. Telefoni ikalira, munthu anali kuyankha mafunso atatu: chimene akuchita, chimene akuganiza, ndi m'mene mtima wake uliri. Pa mayankho 100 alionse, pafupifupi 47 anali a anthu amene manja anali pa ntchito koma maganizo ali kwina. Ndipo pa nthawi zoterozo anthuwo sanali okondwa monga anali kukhalira maganizo akakhala pa chimene akuchita.

Kalaliki amene wawerenga kalata imodzi katatu osatolapo kanthu, popeza mtima uli pa ngongole ya kusitolo, akulidziwa bwino vuto limeneli. Mphunzitsi amene tulo tamuthawa chifukwa cha mayeso a ana ake akulidziwanso. Pofuna kuchepetsa vutoli, zipatala, masukulu ndi maofesi ambiri a ku America ndi ku Ulaya akhala akuphunzitsa njira imene pa Chingerezi amaitcha "mindfulness", ndiko kudekhetsa maganizo kuti akhale pa chimene chikuchitika tsopano lino. Ena amati njirayi imakulitsa ubongo, ena amati ndi malonda chabe. Tsono nkoyenera kuona chimene ofufuza apeza.

KUMENE INACHOKERA

Njirayi ndi yakale ndithu. Inachokera m'chiphunzitso cha Buddha, amene anakhala ku India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo m'chinenero cha Pali imatchedwa "sati". Siifanana ndi kusinkhasinkha kumene ambiri anazolowera, kumene munthu amatenga mawu nawalingalira mozama. Kuno munthu amakhala pansi mwakachetechete natchera maganizo pa mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Posakhalitsa maganizo amathawa. Iye akazindikira kuti athawa, amawabweza pa mpweya uja mosadzikalipira. Amathawanso, nawabwezanso. Mabuku akale a Abuda amafanizira ntchitoyi ndi kumanga thole pachikhomo: limakoka chingwe uku ndi uku, koma pomaliza limagona pansi pafupi ndi chikhomocho.

Amene anailowetsa m'chipatala ndi a Jon Kabat-Zinn, katswiri wa sayansi, amene m'chaka cha 1979 anatsegula kachipatala pa sukulu ya madokotala ya Massachusetts mumzinda wa Worcester. Iwo anachotsamo miyambo ya chipembedzo nakonza maphunziro a masabata 8 a odwala amene ululu wa m'thupi ndi nkhawa zinali zosatha. Ophunzira amakumana kamodzi pa sabata kwa maola awiri ndi theka, ndipo kunyumba amayenera kuyeserera kwa mphindi 45 tsiku liri lonse. Kafukufuku wambiri wa makono watsamira pa maphunziro amenewa kapena ena otengera pomwepo.

ZIMENE MAKINA ANAONA M'MUTU

Atabwera makina a MRI, ojambula m'kati mwa mutu wa munthu wamoyo, ofufuza anafuna kudziwa ngati ubongo umasinthadi. M'chaka cha 2005 a Sara Lazar, a pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston, anajambula anthu 20 amene anazolowera njirayi kwa zaka zambiri, napeza kuti mbali zina za khungu la ubongo wao zinali zochindikala kuposa za anthu ena. M'chaka cha 2011 a Britta Hölzel ndi anzao anajambula anthu 16 asanayambe maphunziro a masabata 8 ndiponso atamaliza, nanena kuti chigawo chotchedwa hippocampus, chimene chimathandiza kukumbukira, chinakhuthala pang'ono. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zinalengeza kuti masabata 8 okha ndi okwanira kuumba ubongo mwatsopano.

Komatu anthu 16 ndi ochepa kwambiri, ndipo pa gulu laling'ono chotero zongochitika mwangozi zikhoza kuoneka ngati umboni. M'chaka cha 2022 a Tammi Kral, a Richard Davidson ndi anzao a pa sukulu ya ukachenjede ya Wisconsin-Madison anabwereza ntchitoyi pa anthu 218, amene anawagawa mwa maere m'magulu atatu: ophunzira kudekhetsa maganizo, ophunzira za masewero olimbitsa thupi ndi kadyedwe kabwino, ndi ongodikira. Atajambula onse, sanapeze kusiyana kuli konse m'maonekedwe a ubongo. Zimenezi nzofunika kuziganizira, pakuti a Davidson ndi mmodzi wa akatswiri amene akhala akulimbikitsa njirayi kwa zaka zambiri, ndipo sanabise zimene anapeza ngakhale zinali zosakomera mbali yao.

Chimene chiri ndi umboni wina ndi kagwiridwe ka ntchito ka ubongo, osati kukula kwake. Muli zigawo zina zimene zimatakataka pamodzi munthu akakhala wopanda chochita, pamene akubwereza za dzulo kapena kuda nkhawa ndi za mawa. M'chaka cha 2011 a Judson Brewer, pa nthawiyo ali pa sukulu ya ukachenjede ya Yale, anapeza kuti mwa anthu ozolowera njirayi zigawo zimenezi zinali zodekha kuposa mwa ongoyamba kumene. Koma naonso anajambula anthu owerengeka, motero nkhaniyi iyenera kulandiridwa mosamala.

THANDIZO LAKE PA MOYO WA MUNTHU

Wodwala nkhawa sasamala za kuchindikala kwa ubongo. Iye afuna kudziwa ngati adzagona tulo ndi kugwira ntchito yake bwino. Pa funso limeneli umboni uli wolimbirapo. M'chaka cha 2014 madokotala a pa Johns Hopkins, motsogozedwa ndi a Madhav Goyal, anasanthula mafukufuku 47 okhudza anthu 3,515. Anapeza kuti njirayi imachepetsadi nkhawa, kukhumudwa ndi ululu, koma pamlingo wapakati; ndipo sanapeze umboni wakuti imaposa mankhwala, masewero olimbitsa thupi kapena chithandizo china chodziwika.

Ku Britain, m'chaka cha 2015, anafalitsa zotsatira za anthu 424 amene nthenda ya kukhumudwa, yotchedwa depression, inali kuwabwerera kawirikawiri. Theka linapitiriza kumwa mankhwala, theka lina linaphunzira kudekhetsa maganizo uku madokotala akuwathandiza kuchepetsa mankhwalawo. Patapita zaka ziwiri, nthendayo inabwerera anthu 44 pa 100 alionse a gulu lophunzira, ndi 47 pa 100 alionse a gulu la mankhwala. Ndiko kunena kuti njira ziwirizi zinangofanana. M'chaka cha 2022 a Elizabeth Hoge a pa sukulu ya ukachenjede ya Georgetown anayerekeza maphunziro a masabata 8 ndi mankhwala a escitalopram pa anthu 276 odwala nkhawa, ndipo magulu onse awiri anapeza bwino mofanana. Omwa mankhwala ndiwo anadandaula kwambiri za zovuta za m'thupi. Koma piritsi limamwedwa m'kamphindi, pamene njira inayo imafuna mphindi 45 tsiku ndi tsiku.

PHUNZIRO LA M'MASUKULU A KU BRITAIN

Aphunzitsi ayenera kumva bwino zimene zinachitika njirayi italowetsedwa m'kalasi. Akatswiri a ku Oxford ndi anzao anayesa maphunziro khumi pa ana 8,376, a zaka zapakati pa 11 ndi 14, m'masukulu 84. Zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2022: patatha chaka chimodzi, ana amene anaphunzira kudekhetsa maganizo sanasiyane ndi anzao amene analandira maphunziro a nthawi zonse. Ana ambiri sanayeserere kunyumba, ndipo ambiri anati maphunzirowo anali otopetsa. Amene anapindulako anali aphunzitsi eni ake, amene anayamba aiphunzira okha njirayi asanaiphunzitse. Iwowa ananena kuti kulema ndi ntchito kunachepa, ngakhale kuti phindulo linazilala m'kupita kwa miyezi.

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani. Kudekhetsa maganizo ndi luso, monga kulemba pa taipi kapena kuyimba limba. Limakula mwa munthu amene walifuna yekha ndipo akuliyeserera. Silingaperekedwe mwa lamulo kwa kalasi yonse monga aperekera katemera. Ndiponso silingalowe m'malo mwa zinthu zimene zimachotsa gwero la nkhawa: mphunzitsi amene kalasi yake yasefukira adzapumako mtima akaphunzira njirayi, koma makope oti achonge sadzachepa.

Palinso chenjezo. A Willoughby Britton a pa sukulu ya ukachenjede ya Brown asonyeza kuti anthu ena, akakhala chete nthawi yaitali, amagwidwa ndi mantha, amasowa tulo, kapena amakumbukira zoopsa zimene anaziona kale. Munthu wotere ayenera kuleka ndi kukaonana ndi dokotala. Ndipo amene akumwa mankhwala a nthenda ya maganizo asawasiye payekha poyembekezera kuti kukhala chete kudzamchiritsa.

Kwa munthu wathanzi amene maganizo amangomuthawa pa desiki, kuyesa sikulira ndalama. Akhoza kuyamba ndi mphindi khumi m'mamawa asanapite kuntchito, atakhala pampando, msana uli chiriri, akutsata mpweya wake. Ndipo asataye mtima poona kuti maganizo akuthawa kambirimbiri, pakuti kuwabwezako ndiyo ntchito yeniyeniyo. Asayembekeze ubongo watsopano pa masabata 8. Chimene angayembekeze ndi kuzindikira msanga pamene nkhawa yayamba kumukoka, ndi kutha kubwerera ku kalata imene iri patsogolo pake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.