Pokongoletsa nyumba ku Nellmapius, funsani: amisiriwa ndi a yani?

Dera la Nellmapius lili kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria, moyandikana ndi Mamelodi. Nyumba zambiri kumeneko ndi za RDP, ndondomeko yomwe boma la South Africa lidayambitsa mu 1994 pofuna kupatsa anthu osauka pogona. Popeza nyumbazi ndi zazing'ono, eni ake amaonjezera zipinda, kenaka n'kuika siling'i, matailosi ndi makabati. Nayo mipingo ndi makomiti a sukulu za mkombaphala amalemba akatswiri okonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba. Ena mwa amisiri ogwira ntchito zotere m'chigawo cha Gauteng ndi Amalawi.

Akatswiriwa alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi amisiri awoawo olipidwa pa mwezi, pamene ena akapata ntchito amaigawa kwa makontrakitala ang'onoang'ono, omwenso amatola aganyu. Mlimi amene adapatsapo kapitawo munda kuti apeze yekha olima akudziwa kuti mizere ikakhota, wolakwa saoneka.

Katswiri wokhala ndi amisiri ake amatchula mtengo wokwererapo chifukwa amawalipira ngakhale ntchito itasowa. Ubwino wake ndi wakuti penti ikayamba kusupuka, wokonzanso amadziwika. Wogawa ntchito amatchipa ndipo amatha kupeza mmisiri waluso pa gawo lililonse. Pena kugawaku n'kosapeweka: malamulo a mu 2009 amati mawaya a magetsi atsimikizidwe ndi mmisiri wolembetsedwa, yemwe amapereka chiphaso cha Certificate of Compliance. Vuto limadza ndalama zikamadutsa m'manja ambiri, pakuti wotsiriza kulandira ndi waganyu, ndipo akapanda kulipidwa ntchito imaima.

Malamulo a dzikolo sakhala chete pa nkhaniyi. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka adayamba pa R20 pa ola mu Januwale 2019, ndipo mu Malichi 2025 adafika pa R28.79. Lamulo la COIDA la mu 1993, loona za chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito, limati bizinesi kapena bungwe likalemba kontrakitala wosalembetsa ku thumba la chipukuta misozi, antchito ake amatengedwa ngati a bungwelo. Apa ndiye kuti komiti yomwe idathamangira mtengo wotsika ingathe kusenza mtolo womwe siidauyembekezere.

Amisiri ochokera kunja nawonso ali ndi pothawira. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito lidagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi owalemba.

Choncho komiti kapena mwini nyumba asanapereke ndalama, afunse kuti adzagwire gawo lililonse ndani, adzawalipire ndani, komanso adzakonze zolakwika ndani. Apemphenso kalata yotsimikiza kuti kontrakitalayo alibe ngongole ku thumba la chipukuta misozi. Mayankho onse alembedwe mu mgwirizano wosainidwa ndi mbali ziwiri, ndipo malipiro aziperekedwa pang'onopang'ono gawo lililonse likatha.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zithunzi za nyumba zokongola zomwe katswiri amaonetsa pa foni sizinena ngati amisiri omwe adakhetsa thukuta adalandira zawo. Zimenezo zimadziwika pofunsa ntchito isanayambe.