Mawati olembedwa kumbuyo kwa sola amapimidwa pa dzuwa la m'labotale

Kucokera m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, mabanja oculuka m'Zambia agula masola. Pogula, ambiri amayang'ana nambala ya mawati yolembedwa pa kapepala komata kumbuyo kwa sola. Nambala imeneyi sinapimidwe pa dzuwa la ku Chipata kapena ku Lusaka. Inapimidwa m'cipinda cotseka, pansi pa nyale yocita ngati dzuwa.

Cifukwa cake n'cakuti dzuwa lenileni silikhazikika. La m'mawa lisiyana ndi la masana, ndipo mtambo umodzi ungasokoneze kupima konse. Motero akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anagwirizana pa muyezo umodzi umene amaulemba mwacidule kuti STC. Pa muyezo umenewu, kuwala kuyenera kukhala kwa mawati 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo maselo, tizigawo takuda tija tooneka m'kati mwa galasi, ayenera kukhala pa madigiri 25 Celsius. Mtundu wa kuwalako, wochedwa AM1.5, ndi wa dzuwa limene lapendeka madigiri 48 kucokera pamutu.

Nyale zogwira nchitoyi kawirikawiri zimakhala za mpweya wa xenon, wowala moyera kwambiri, ndipo kutsogolo kwake amaikako magalasi osefa kuwala kuti kufanane ndi kwa dzuwa. Masiku ano kulinso makina a nyale za LED. M'mafakitale nyaleyo imangong'anima ngati kamera, kwa nthawi yosakwana sekondi, kuopa kuti sola ingatenthe kupimako kusanathe. M'kanthawi komweko makina amasinthasintha mlingo wa magetsi okokedwa m'sola, nalemba mavoliti ndi maampu ake, mpaka apeza pamene sola itulutsa mphamvu yoculuka koposa. Ndiyo nambala imene imapita pa kapepala kaja.

Nanga ndani amapima nyaleyo? Nyale imafooka ikamakalamba, ndipo ikawala mopitirira, sola imaoneka yamphamvu kuposa mmene ilili. N'cifukwa cake asanayambe kupima, akatswiri amaika selo lina limene mphamvu yake inatsimikizidwa kale, nacuna nyale kufikira selolo litasonyeza nambala yake yodziwika. Selo limeneli lili ngati mwala wa sikelo ya m'buchala: mwalawo ukakhala wolakwika, nyama yonse yopimidwa tsiku limenelo ndi yolakwika. Malabotale monga Fraunhofer ISE ku Freiburg m'dziko la Germany, ndi ESTI ku Ispra m'dziko la Italy, ndi ena mwa amene amatsimikiza miyezo yotere.

Nawonso makina a nyale ali ndi magiredi A, B ndi C, malinga ndi lamulo la IEC 60904-9, ndipo m'caka ca 2020 anaonjezapo A+. Amaona ngati kuwala kufanana ndi kwa dzuwa, ngati kufika mofanana pa sola yonse, ndiponso ngati sikuphethira.

Kupima kumeneku ndiko kumasonyeza gawo la kuwala limene sola isandutsa magetsi. Selo la silicon limene Bell Laboratories ya ku America inaonetsa mu 1954 linali kusandutsa pafupifupi 6 peresenti cabe. Masola abwino a m'masitolo lero amapitirira pang'ono 20 peresenti.

Koma denga la malata mu Okutobala si labotale. Sola yokhala padzuwa ingatenthe kufika madigiri 60, ndipo silicon imataya pafupifupi 0.3 mpaka 0.4 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse yopitirira 25. Motero sola yolembedwa mawati 400 ingapereke ngati 350 cabe dzuwa lili pamutu, tisanawerengere fumbi. Pamenepa wogulitsa sananame ayi, ndipo cofunika ndi kusiya mpata pakati pa sola ndi malata kuti mphepo izidutsa.

Bodza lenileni lingagwidwe ndi tepi yopimira. Popeza muyezo ndi mawati 1,000 pa mita imodzi kwa imodzi, sola ya mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi imalandira mawati 500 a kuwala, ndipo ngakhale itakhala yabwino kwambiri ingatulutse pang'ono cabe kupitirira mawati 100. Mukapeza sola ya saizi imeneyi italembedwa mawati 300, dziwani kuti nambalayo sinacokere pansi pa nyale ya labotale iliyonse, ndipo ndalama zanu zibwerere m'thumba.