Kabotolo ka oyilo kamene kamaulula matenda a pikapu

Pansi pa pikapu ya 4x4 monga Toyota Hilux, kuseri kwa giyabokosi, pali kabokosi kotchedwa transfer case. Ndi kamene kamagawira mphamvu mateyala akutsogolo dalaivala akatchera 4WD pamatope. Kali ndi oyilo wakewake koma kalibe fyuluta, choncho chilichonse choperepeseka m'katimo chimatsalira mu oyiloyo.

Ma labotale monga WearCheck ku South Africa ndi Blackstone ku Indiana, America, amamuyeza ngati magazi kuchipatala. Makaniko amatapa pafupifupi mamililita 100 oyilo akadali wofunda, pakatikati pokhetsa, chifukwa woyamba kutuluka amakokolola zinyalala za pachitsekero.

Lipoti limawerenga tizitsulo mu ppm (magawo pa miliyoni iliyonse). Iron akachuluka, tcheni, magiya kapena mabering'i akudyeka. Aluminium amachokera kukhoma la kabokosiko, mwina tcheni chakhwepa n'kumakhula. Silicon kawirikawiri ndi fumbi lolowera pa silo yotha. Oyilo wotuwa ngati wathiridwa mkaka ndiye kuti mwalowa madzi, makamaka galimoto ikamawoloka mitsinje nthawi ya dzinja.

Akatswiri amayerekeza lipoti latsopano ndi akale, poganiziranso makilomita amene oyiloyo wayenda.