Nyanja ikatsekedwa, phindu lisakidwe kukhitchini ndi kudimba la maluwa

Chaka chilichonse pa 1 November, nthambi ya boma yoona za nsomba imaletsa makoka ena pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Kwa amayi ogulitsa nsima pamsika wa Mangochi, ku Monkey Bay ndi ku Makawa, iyi ndi nyengo yowawa: nsomba imasowa, mtengo wake umakwera, koma kasitomala amafunabe mbale yodzadza pamtengo wakale. Ambiri mpamba umathera pamenepa.

Odziwa geni amasintha ndiwo msanga. Usipa wouma wogula mu October umasungika bwino m'dengu pamalo opita mphepo, osati m'jumbo. Nyemba zonyika m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, motero makala amapulumuka. Chigwada kapena nkhwani zotendera sizilira mafuta ophikira, nsinjiro ndi tomato basi.

Khitchini yomweyo ingathe kubala geni yachiwiri. Malo ogona alendo a ku Nkopola, Makokola mpaka ku Cape Maclear amakongoletsa pabwalo ndi maluwa, ndipo eni nyumba amafuna mbande mvula ikayamba. Maluwa a bougainvillea, hibiscus ndi frangipani amapirira kutentha kwa kunyanja, komanso safuna njere zogula. Kanthambi kotalika masentimita 20 n'kokwanira. Ka frangipani kayambe kauma pamthunzi masiku angapo kuti kasaole.

Vuto la kunyanja ndi dothi lamchenga, lomwe silisunga madzi. Mankhwala ake ali pamoto pomwepo: makoko a tomato, a nthochi ndi zotsala za masamba zikaolerana m'dzenje zimasanduka manyowa osakaniza ndi dothilo. Mabotolo apulasitiki odula pakati n'kuboola pansi amalowa m'malo mwa machubu. Madzi otsukira mpunga ndi abwino kuthirira, koma a sopo, a mchere kapena a mafuta amawononga mbande.

Kuthirira kuzichitika m'mamawa kapena madzulo, mbande zili pamthunzi wa mango kapena pansi pa chisakasa cha udzu. Mpanda ndi wofunika, chifukwa mbuzi imodzi ingathe kumaliza ntchito ya mwezi wonse pa tsiku limodzi.

Nthambi zambiri zimatenga mwezi umodzi kapena iwiri kuti zigwire mizu. Wofuna kugulitsa pa Khirisimasi, pamene alendo amadzadza kunyanja, abzale mu October.