Kudzisula Wekha pa Mpira wa Miyendo

Anyamata ambiri a kwathu kuno ku Ntchisi, kuyambira ku Malomo kufikira m'tsinde mwa phiri, amandifunsa kuti munthu wopanda mphunzitsi angakule bwanji pa mpira. Ndipo ine ndimawayankha kuti luso, lingakhale lichokera kwa Mlengi, silikhwima mwa munthu wongodikira tsiku la mpikisano.

Yambani ndi kupatula nthawi. Popeza ambirife timalawirira kumunda, makamaka mvula ikagwa, sankhani masiku atatu pa sabata, dzuwa litapendeka, ndipo tsiku lililonse likhale ndi ntchito yakeyake: lina la liwiro, lina la mpira kuphazi, lina losewera ndi anzanu. Zitunda zathuzi ndi chuma chimene a kuchigwa alibe, pakuti wothamanga chokwera mtunda, nabwerera choyenda, amalimbitsa ntchafu ndi mapapo omwe, kotero kuti mphindi 90 sizimuthetsa mpweya. Koma m'chisanu cha Juni ndi Julayi musayambe liwiro thupi lisanatenthe, chifukwa minofu yozizira sichedwa kung'ambika.

Chimene ine ndichilemekeza koposa ndi khoma, mnzanu wosatopa ndi wosanyinyirika. Menyanipo mpira, muulandire ndi phazi lija mumaliopa, muubwezenso, kufikira mapazi onse awiri atamvera; pajatu pang'onopang'ono ndi mtolo. Chigoli cha kutali chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu 2022 ndikhulupirira kuti sichinabadwe tsiku lomwelo.

Ndikupemphani, abale anga, kuti mukasewera mpikisano mupumule tsiku lotsatira, ndipo bondo likatupa mupite kuchipatala musanabwererenso pabwalo.