Laimu wa m'ketulo ku Chongwe amawononga chiyani?

Amene anamanga nyumba ku Silverest, ku Meanwood Ndeke kapena ku Waterfalls n'kukumba mjigo wawowawo amalidziwa vutoli. Ketulo yatsopano sichedwa kutuwa m'kati. Poyamba pansi pake pamangokhala kaufa, kenako kamakhuthala n'kuyamba kumatuka ngati nkhoko za m'poto wa nsima, tizidutswa tina n'kumayandama mu tiyi. Timabowo ta shawa timatsekeka, madzi n'kumathovokera m'mbali. Sopo amatha msanga koma thovu osaoneka, ndipo thaulo likauma limakhakhala.

Gwero lake ndi mwala. Mzinda wa Lusaka unakhala pa miyala ya laimu ndi ya dolomite, mtundu womwewo umene fakitale ya ku Chilanga, yokhazikitsidwa mu 1949, imaphwanya popanga simenti. Miyala yotere imapezekanso kumadzulo kwa boma la Chongwe, kumene nyumba zatsopano zikuchulukira m'mbali mwa msewu wa Great East. Chakum'mawa kuli miyala ina yosasungunuka msanga, n'chifukwa chake mijigo iwiri ya m'boma limodzi imatha kutulutsa madzi osiyana kwambiri.

Madzi a mvula amatenga mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga ndi m'dothi, n'kukhala ndi kaasidi pang'ono. Akamalowa pansi amasungunula mwala uja pang'onopang'ono, n'kunyamula calcium ndi magnesium. Mukawatunga amakhala oyera mbee. Koma mukawatenthetsa mpweya uja umathawa, ndipo laimu amabwerera kukhala mwala pamalo pomwe patentha kwambiri. Madzi okhala ndi mamiligalamu oposa 180 a laimu pa lita amawerengedwa kuti ali ndi laimu wochuluka zedi, ndipo bungwe la WHO limati kupitirira 200 amayamba kumata m'mapaipi ndi m'zotenthetsera madzi.

Ketulo ndiye yabwinoko, poti mumaiona m'kati. Giza imavutika mwakachetechete. Laimu akakuta elementi, kutentha kumalephera kudutsa bwino kupita m'madzi, chitsulo chimatentha mopyola muyeso mpaka kupsa. Pansi pa thanki pamaunjikana matope oyera amene amachepetsa malo a madzi. Ambiri elementi ikapsa amathamangira kunena kuti ndi magetsi a ZESCO othimathima aja, pamene wapalamula ali m'thanki momwemo. Magiza a dzuwa, omwe anthu ambiri anathamangira magetsi atavuta ndi chilala cha 2024, nawonso sapulumuka: madzi ake amatentha kwambiri masana, ndipo laimu amakonda pomwepo. Makina ochapira, ayironi ya nthunzi ndi kachoyandama ka m'thanki ya chimbudzi zimakumana ndi zomwezo.

Mankhwala ake si odula. Viniga kapena madzi a mandimu owiritsidwa m'ketulo n'kusiyidwa kwa ola limodzi amasungunula laimu. Mutu wa shawa muuviike m'viniga usiku wonse. Giza ichunidwe pa madigiri 60, chifukwa kupitirira apo laimu amamata mofulumira, ndipo pulambala azitsuka thanki kamodzi pachaka.

Funso limene ambiri amafunsa n'lakuti, ngati ketulo yatero, nanga impso zanga? Apa mtima ukhale pansi. Thupi si ketulo. Siliwiritsa madzi, ndipo asidi wa m'mimba amasungunula laimu. Calcium ndi magnesium ndi michere yofunika ku mafupa ndi minofu, moti WHO sinaike malire a laimu m'madzi akumwa pa zifukwa za umoyo. Miyala ya m'impso imabwera kwambiri ndi kumwa madzi ochepa komanso kudya mchere wambiri. Chimene ena amadandaula nacho moona ndi kuuma kwa khungu, makamaka ana, chifukwa sopo sachoka bwino posamba.

Choopsa chenicheni cha mwala umenewu n'china. Posungunuka umasiya ming'alu ndi mphako pansi, ndipo madzi amathamanga m'menemo osasefedwa. Zotuluka m'chimbudzi chokumba kapena m'thanki ya zonyansa zimatha kufika pamjigo wa mnansi mwachangu. Pa mapuloti oyandikana, pomwe aliyense ali ndi mjigo wake ndi dzenje lake la zonyansa, iyi si nkhani yamasewera. Malamulo a 2018 omwe bungwe loona za madzi la WARMA limayang'anira amati mjigo ulembetsedwe ndipo utalikirane ndi chimbudzi mamita 30, koma puloti yaing'ono mamita amenewo muwapeza kuti? Kolera wa 2023 mpaka 2024, amene anapha anthu oposa 700 m'dziko muno n'kusandutsa bwalo la National Heroes kukhala chipatala, anayenda ndi madzi osaoneka litsiro.

N'chifukwa chake zimandidetsa nkhawa kumva munthu akuti wasiya kuwiritsa madzi poti akutuwitsa ketulo. Makina ochotsa laimu ogwiritsa ntchito mchere amateteza giza, koma sapha tizilombo, ndipo amawonjezera sodium m'madzi, zosayenera kwa odwala BP. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini, ndipo mwini mjigo aziwapititsa kukayezedwa ku labotale, makamaka mvula ikayamba. Pokayezetsa, apemphe kuti aone tizilombo ta m'chimbudzi ndi nitrate, osati laimu yekha.